Kalata kwa Osunga Mageti a pa Liwonde

Kwa Olemekezeka a Nduna yoona za madzi, akuluakulu a bungwe la National Water Resources Authority, akuluakulu a kampani yopanga magetsi ya EGENCO, ndi a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA,

Mabwana ndi madona, ndikulemba kuchokera ku Chikwawa, kumunsi kwa mathithi a Kapichira, komwe Shire amasiya kuthamanga pamiyala n'kuyamba kuyenda mwaulemu pakati pa madimba athu. Pempho langa ndi ili: malamulo amene mumatsata potsekula ndi potseka mageti a pa Kamuzu Barrage ku Liwonde adziwike kwa anthu onse, ndipo mukafuna kuwonjezera madzi otuluka, uthenga uzitipeza madziwo asanatipeze.

Nyanja ya Malawi ili ndi khomo limodzi lokha. Songwe, Rukuru, Dwangwa, Bua, Linthipe, ngakhale Ruhuhu wa ku Tanzania, yonse imathira m'nyanjamo, koma wotulutsa madzi ndi Shire yekha, kuyambira pa Mangochi, kudzera m'nyanja ya Malombe, mpaka pa Liwonde pomwe pali mageti 14 aja. Baraji inamangidwa mu 1965, ndipo anaikonzanso ndi thandizo la World Bank pantchito yomwe inatha cha m'ma 2018. Kumunsi kwake kuli makina a magetsi a pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, mapampu a pa Walker's Ferry amene amamwetsa mzinda wa Blantyre, minda ya nzimbe ya ku Nchalo, asodzi a m'dambo la Elephant Marsh, ndiponso ife alimi a kudimba mpaka kukafika ku Marka. Munthu amene amalamula kuti geti likwere kapena litsike amakhudza mphika wa banja lililonse mwa onsewa, ngakhale sanawaonepo nkhope.

Ndikudziwa kuti ntchito yanu si yamasewera. Tonse tikukumbukira 2016 ndi 2017, nyanja itatsika kufika pafupifupi mamita 473 pamwamba pa nyanja yamchere. Magetsi ankathima tsiku lonse, azimayi ankagona pachigayo kudikirira kuti ayake usiku, mpaka dziko linachita kubwereka majenereta a dizilo pamtengo woboola m'thumba. Mbiri imatiuzanso kuti kuyambira 1915 mpaka cha m'ma 1935 Shire anasiyiratu kutulutsa madzi m'nyanja, mchenga ndi bango zitatseka njira. Amene akudziwa zimenezi sangakudzudzuleni chifukwa chosunga madzi m'zaka za mvula yambiri. Madzi osungidwawo ndiwo magetsi a chilimwe chamawa, ndipo ndiwo adzayende m'ngalande yaikulu yothirira imene ikukumbidwa kuno kuchigwa kuchokera pa Kapichira.

Koma nyanjayo inabwereranso ndi mphamvu. Mu April 2024 inadutsa mamita 476, msinkhu umene ana obadwa zaka za posachedwapa anali asanauonepo, ngakhale akuluakulu amakumbukira kuti cha mu 1980 inafika pafupifupi mamita 477. Ku Mangochi madzi analowa m'malo ogona alendo, m'nyumba za anthu ndi pamadooko pomwe asodzi amayanika usipa. Kulira kunamveka dziko lonse: tsekulani mageti, madzi apite. Ndinawamvera chisoni abale athuwo, chifukwa munthu amene madzi akumulowera pakhomo sawerenga masamu. Komatu masamuwo alipo, ndipo ndi amene ndikufuna kuti Mmalawi aliyense awamve kuchokera pakamwa panu, osati kamodzi kokha pamsonkhano wa atolankhani.

Nyanja yathu ndi yaikulu kuposa masikweya kilomita 29,000. Kuti itsike ndi sentimita imodzi yokha, pafunika kuchotsa madzi okwana pafupifupi makiyubiki mita 300 miliyoni. Tiyerekeze kuti mwawonjezera madzi otuluka pa Liwonde ndi makiyubiki mita 100 pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku osapuma. Patsiku mwatulutsa makiyubiki mita osakwana 9 miliyoni, kutanthauza kuti pafunika mwezi wathunthu ndi masiku ena kuti nyanja itsike ndi sentimita imodziyo, msinkhu wosafika ndi pachikhadabo pomwe. Mwini loji wa ku Mangochi sadzaona kusintha kulikonse pakhonde pake. Koma madzi omwewo, akapanikizidwa mumtsinje umodzi n'kugwera kuchigwa komwe nthaka ndi yafulati, amakwera mooneka ndi maso m'masiku ochepa, ndipo amayamba ndi mizere ya chimanga imene ili pafupi ndi gombe. Chimene chimatsitsa nyanja kwenikweni ndi dzuwa ndi mphepo ya mwera, chifukwa madzi ochuluka kwambiri amachoka ngati nthunzi; odzera mu Shire ndi gawo laling'ono. Anthu a kunyanja akanazidziwa zimenezi sakanamationa ife a kuchigwa ngati amene tikuwamiza, ifenso sitikanawaona iwo ngati ofuna kutithira madzi.

Ndiloleni ndikufotokozereni za dimba, popeza pamapepala a m'maofesi limangolembedwa kuti malo a ngozi. Kuno mvula ndi yochepa ndipo dzuwa limaotcha. Munda wa kumphala umatha kukukanika zaka ziwiri zotsatizana. Chimene chimasunga mabanja ndi mbewu ya kudimba. Madzi a dzinja akayamba kubwerera mumtsinje cha mu April ndi May, amasiya matope akuda achinyontho, ndipo timabzala motsatira madziwo: lero mizere ingapo pamene pauma, sabata yamawa mizere ina chakumunsi, chimanga, nyemba, maungu ndi mbatata. Palibe fetereza, palibe pampu, chinyontho chokhacho chimakhwimitsa mbewu. Ulimi wonsewu wagona pa chikhulupiriro chimodzi, chakuti mtsinje ukayamba kuphwa upitiriza kuphwa. Mu 2024, chaka chomwecho nyanja inadzadza, kumwera kuno kunali ng'amba ya El Niño, moti mu March boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Kumphala kunapserera, ndipo titatembenukira kudimba tinapeza Shire adakali wodzadza pamiyezi imene makolo athu anatiphunzitsa kuti amakhala atabwerera. Mbewu imene munthu waigula atagulitsa mbuzi ikamira, palibenso mbuzi ina yoti agulitse.

Mwina simudziwa mmene ife timayezera madzi. Madzulo mlimi amathyola bango n'kulizika m'mphepete penipeni pomwe madzi alekeza. M'mamawa, asanasukusule n'komwe, amathamangira kukaona. Likakhala pouma, amabwerera kukatenga khasu. Likakhala m'madzi, amayang'ana mtundu wa madziwo: akakhala ofiira, onyamula zitsa, mapesi ndi nthochi zozuka, ndiye kuti kumapiri kwagwa mvula ndipo mwina atsika posachedwa, akakhala oyererako, akuyandamitsa namasupuni, kumwamba kuli mbee popanda ndi kamtambo komwe, timangoganiza kuti achokera kunyanja ndipo sitidziwa kuti akhala mpaka liti. Bangolo limatiuza zimene zachitika kale usiku. Inu muli ndi manambala onena zimene zichitike sabata yamawa, ndipo manambala amenewo ndiwo tikupempha.

Sindikufuna kunamizira mageti mlandu umene si wawo. Madzi amene amapha anthu kuno sachokera ku Liwonde. Mu January 2015, pamene anthu oposa 200,000 anasowa pokhala, pa namondwe wa Idai mu March 2019, pa Ana mu January 2022 ndi pa Freddy mu March 2023, amene anapha ndi kusowetsa anthu oposa 1,000, madzi oopsa anatsika m'mitsinje imene imalowa mu Shire kumunsi kwa baraji: Lisungwi, Mkulumadzi, Likhubula, Mwanza, ndipo koposa yonse Ruo wochokera kuphiri la Mulanje. Ruo akakwiya amafika pa Chiromo n'kumutsekera njira Shire, madzi n'kubwerera m'mbuyo kudzadza Elephant Marsh ndi midzi ya ku East Bank. Mu 2015 anathyola gombe n'kudzipangira njira yatsopano, anthu a ku Makhanga n'kutsala pachilumba. Palibe geti la ku Liwonde limene likanaletsa zimenezo, ndipo andale amene amanena kuti likanaletsa akusocheretsa anthu.

Komabe masamu aja amagwiranso ntchito motithandiza, ndipo apa m'pamene ndikufuna mundimvetsere bwino. Masiku ano namondwe sabwera mobisa. A nthambi yoona zanyengo amamuona ali m'nyanja ya India, n'kumalengeza njira yake masiku angapo asanafike. Tiyerekeze kuti pamasiku 5 a mvula yoopsayo mwachepetsa madzi otuluka pa Liwonde ndi makiyubiki mita 300 pa sekondi. Madzi onse amene mwawagwirawo ndi pafupifupi makiyubiki mita 130 miliyoni, omwe sangakweze nyanja ndi theka la sentimita lomwe. Kunyanja palibe angazindikire, koma kuchigwa mwapatsa mpata mtsinje kuti ulandire madzi a Mwanza ndi Ruo usanafike kale pakhosi. Nkhawa ya magetsi panthawi ngati imeneyo ndi yochepa, popeza pa anamondwe apitawa makina a pa Nkula ndi Tedzani ankazimitsidwa ndithu chifukwa cha zinyalala ndi matope. Ndikudziwanso kuti pali malire: nyanja ikakwera kwambiri, kutseka mageti kumakankhira madzi m'midzi ya ku Liwonde ndi Malombe, ndipo pali msinkhu umene baraji yokhayo imakhala pachiswe. Mainjiniya anu amaudziwa msinkhu umenewo. Utchuleni poyera. Ngati zochepetsa madzi pa namondwe mumachita kale, tiuzeni tsiku ndi ola limene mwachita, komanso tsiku limene mudzatsekulenso, chifukwa madzi ogwidwa aja akamasulidwa mwadzidzidzi amapeza anthu atayamba kubwerera kumabwinja awo kukafukula ziwiya.

Nkhani ya madzi pa Liwonde inakhumudwitsapo kale anthu a kuchigwa. M'nthawi ya atsamunda, mu 1956, anamanga khoma ladothi kutseka Shire pamalo omwewo, ndipo mu 1957 khomalo linagumulidwa madzi n'kubwereranso kuchigwa. Agogo athu analibe pokadandaula. Ife tili ndi lamulo la za madzi la 2013 limene linakhazikitsa bungwe lanulo, tili ndi lamulo latsopano la za ngozi la 2023, tili ndi mafoni m'manja ndi mawailesi m'maboma athu. Chobisira palibenso.

Zimene zinachitika pa Kapichira ndi zosaiwalika. Pa namondwe wa Ana madzi anagumula mbali ya damu, mtsinje n'kulambalala polowera kumakina, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, kufikira mu 2023. Pomwe ankamanga polowera madzi a ngalande yothirira panaonongekanso. Midzi yoyamba kulandira chilichonse chochoka pa Kapichira ndi yathu. Tsono funso langa kwa a EGENCO ndi lakuti, mukamatsekula zitseko zotayira madzi pa Nkula, Tedzani kapena Kapichira, kaya chifukwa cha mvula kaya pofuna kutsuka matope, amaimbira foni ndani kumunsi kuno, ndipo amamupatsa maola angati? Pamadooko pamakhala amayi akuchapa, ana akusamba, anyamata akumwetsa ng'ombe, ndi eni mabwato akuolotsa anthu ndi njinga zawo. Funsoli likukula chifukwa damu la Mpatamanga likubwera, pakati pa Tedzani ndi Kapichira, la mamegawati oposa 350, lokhala ndi makhoma awiri ndi nkhokwe ya madzi yoposa zonse zimene Shire wazionapo kumathithi. Akuti khoma lachiwiri lidzasalaza kayendedwe ka madzi. Ndi nkhani yabwino, koma malamulo a katulutsidwe ka madzi pa mvula yamphamvu alembedwe ndi kuwerengedwa pamaso pa mafumu ndi anthu awo simenti isanaume, chifukwa damu likangoyamba kupanga ndalama, mawu a mlimi wa mbatata sadzalemeranso pa sikelo.

Palinso khomo lakumunsi limene ambiri amaiwala. Shire amakathira mu Zambezi ku Mozambique. Eni madamu a Kariba ndi Cahora Bassa akatulutsa madzi ambiri, Zambezi amadzadza, Shire n'kusowa kothira, madzi n'kumaima m'madambo a ku Nsanje. Dziko lathu limakhala nawo pazokambirana za mayiko a m'chigwa cha Zambezi kudzera ku bungwe la ZAMCOM. Uthenga umene mumalandira kumeneko usamathere m'makompyuta a ku Lilongwe. Uzifika kwa mfumu ya ku Ndamera tsiku lomwelo.

Za momwe mungatiuzire, sindikupempha zodula. Tsiku lililonse, pa nthawi imodzimodzi ndi lipoti la zanyengo, wailesi inene kuti nyanja ili pamsinkhu wakuti, pa Liwonde pakutuluka madzi akuti, ndipo m'masiku 7 akudzawa awonjezeka, achepa kapena akhala chimodzimodzi. Zinenedwe pa MBC, pa Gaka ku Bangula, pa Dzimwe ku Mangochi, m'Chichewa, m'Chisena ndi m'Chiyao. Chikalata cha Chingerezi choikidwa pa Facebook chimafika kwa amene ali ndi bandulo, omwe ambiri a iwo alibe dimba. Komanso makiyubiki mita pa sekondi satanthauza kanthu kwa mayi amene akuganiza zobzala nyemba. Pakani utoto pamizati ya mlatho wa Kamuzu pa Chikwawa, pa Chiromo ndi pamadooko akuluakulu, wobiriwira, wachikasu ndi wofiira, kuti chilengezo chizinena kuti pofika Lachinayi madzi afika pachikasu. Aliyense adzadziwa kuti pachikasupo dimba lake limakhala lili pati. Makomiti oona za ngozi m'midzi alipo kale, ena ali ndi zimkuzamawu ndi mawisilo; chimene amasowa ndi uthenga wodalirika wofika nthawi yabwino. Zitsulo zoyezera madzi zimene zinakokoloka ndi anamondwe zibwezeretsedwe, makamaka pa Ruo ndi pa Mwanza, ndipo anthu amene amawerenga zitsulozo m'mawa ndi madzulo azilandira kangachepe kawo mosadumphitsa, popeza manambala anu onse amayambira m'kope la munthu ameneyo.

Chimene chingatithandize koposa ndi kalendala. Pofika kumapeto kwa April mumakhala mutadziwa pamene nyanja yalekezera chaka chimenecho. Kuchokera pamenepo mukhoza kutiuza kuti mu May, June mpaka October muzitulutsa madzi motani. Chikakhala chaka choti Shire sabwerera m'malo mwake, tiuzeni tisanagule mbewu, kuti tibzale chakumtunda kapena tisunge ndalama zogulira chimanga. Mukafuna kuwonjezera, wonjezerani pang'onopang'ono, ndipo ngati n'kotheka dikirani tikolole. Zikavuta ndithu moti mwakakamizika kumiza mbewu za anthu kuti mupulumutse baraji kapena midzi ya kumtunda, nenani poyera kuti mwasankha choncho ndi chifukwa chake, ndipo a DoDMA awerengere mabanja amenewo m'gulu la okhudzidwa ndi ngozi kuti alandire mbewu ndi chakudya. Madzi obwera dzuwa likuswa mtengo sajambulidwa pa TV, koma njala yake ndi yofanana ndi ya namondwe.

Ndikudziwa yankho limene ena akonza kale: samukirani kumtunda. Talimva kwa zaka zambiri, ndipo ambiri tinasamutsa nyumba, ena atataya abale awo. Koma munda sungasamuke, chifukwa chinyontho chili kumtsinje. Kufikira tsiku limene ngalande yothirira idzafike pamunda wa munthu wamba, dimba likhalabe moyo wathu. Chimodzimodzinso kunyanja, mwakhala mukunena kuti pasamangidwe nyumba kumunsi kwa msinkhu wa mamita 477. Lamulolo n'labwino, pakuti madzi saiwala khwawa. Koma ligwire ntchito mofanana. Ikani zikhomo zooneka m'mbali mwa nyanja kuti aliyense adziwe pamene mzerewo wadutsa, ndipo makhonsolo asamapereke zilolezo zomangira mkati mwake. Si chilungamo kugwetsa chisakasa cha msodzi n'kusiya mpanda wa njerwa wa munthu wandalama uli m'madzi, kenaka mwini mpandayo n'kukhala woyamba kuimba foni kuti mageti atsekulidwe.

Apa ndafika pa chimene chimandisowetsa tulo. Madzi akakwera, aliyense amakoka kwake. Wamagetsi amafuna asungidwe, wa loji amafuna atayidwe, wa nzimbe ali ndi mapampu ndi mipanda yake yoteteza, ndipo onsewa ali ndi maofesi, maloya ndi manambala a foni a akuluakulu. Mlimi wa ku Mitondo ndi msodzi wa ku Malombe alibe chilichonse mwa zimenezi. Lamulo likakhala losalembedwa poyera, kapena lolembedwa koma lotsekeredwa m'kabati, wopambana amakhala wa mawu okweza, ngakhale ogwira ntchito pa baraji akhale anthu oona mtima chotani. Lamulo lodziwika limatetezanso iwowo, chifukwa wina akawaimbira usiku kuti tsekulani, adzayankha kuti msinkhu umene tinagwirizana sunafike. N'chifukwa chake ndikupempha kuti pa komiti imene imakambirana za katulutsidwe ka madzi pakhale mipando ya alimi a kudimba a ku Chikwawa ndi Nsanje, ya asodzi a ku Mangochi ndi Machinga, ndipo pakati pawo pakhale amayi, popeza ndiwo amagwira khasu kwambiri kumadimbako. Dzinja lililonse likatha, komitiyo izitulutsa lipoti lalifupi lonena masiku amene mageti anasunthidwa, amene analamula, ndi zimene zinachitika kumunsi.

Mvula yoyamba imagwa mu November. Ndikupempha kuti mwezi wa October usanathe mubwere pa boma la Chikwawa, pa Nsanje ndi pa Mangochi, mutanyamula chikalata cha malamulo a mageti chomasuliridwa m'zilankhulo zathu, mapu oonetsa midzi ndi madimba amene amamira pa msinkhu uliwonse, ndi nambala ya foni yaulere imene mfumu kapena wapampando wa komiti ya m'mudzi angaimbe usiku n'kuyankhidwa ndi munthu wodziwa mmene mageti alili. Mafumu aitanidwe, koma msonkhanowo uchitikire pabwalo kuti alimi ndi asodzi eni ake afunse mafunso awo.

Ine wanu,
Mlimi wa kudimba, Chikwawa